Phulusa pa Galimoto Yofiira ya Malume

Kuseri kwa chitseko cha pabalaza, m'nyumba ya malume ku Kapata, kunali msomali wautali, ndipo pamsomalipo pankalendewera lamba wa injini, uja amakanika amati fanibeluti. Anali wakuda, woduka, m'mphepete mwake mutatuluka tinthambo tolimba ngati ta m'tayala. Ukatsegula chitseko mwamphamvu ankagunda thabwa kawiri, kho kho, ngati mlendo akuodira. Lamba ameneyu anachokera m'galimoto yofiira ya malume. Ndicho chinthu choyamba chimene anachotsamo atangoigula, ndipo poti malume sankataya kanthu kalikonse ka galimoto imeneyo, anamupezera ntchito ina m'nyumba. Mpaka lero ndikamva fungo la labala wopserera, khungu la kumbuyo kwa miyendo yanga limayamba lokha kunyerenyesa.

Ndinali ndi zaka khumi. Bambo anamwalira chaka chomwecho nthawi yokolola, kumudzi ku Kasenengwa, ndipo maliro asanazizire n'komwe abale awo anali atagawana ng'ombe, munda wa thonje ndi njinga. Amayi anawauza kuti abwerere kwawo. Ine ayi. Ine anati ndine wawo, chifukwa bambo anapereka ng'ombe pokwatira, choncho mwana atsala kuchimuna. Ntchito anali atandipezera kale: kubereka makanda a kwa bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga. Za sukulu palibe anatchulako. Amayi sanakangane ndi munthu. Anadikira tsiku logulitsa thonje, mudzi wonse uli kusikelo, anandigwira padzanja ngati tikupita kuchigayo, n'kukakwera lole yopita ku Chipata tili ndi kamtolo kamodzi ka zovala basi.

Malume anali mchimwene wawo wamkulu wa amayi, makanika wodziwika Kapata yense, wamfupi, wa khosi lonenepa, wosakonda zoyankhulayankhula. Akazi awo anali atachoka chaka chapitacho, mkono uli m'chikhakha. Zimenezi ndinazimva kumpopi tsiku lachiwiri, poti kumpopi sikusungidwa chinsinsi. Anatilandira ali chiimire, akupukuta manja ndi kansanza. Amayi aziphika ndi kusamala panyumba, ine ndipite kusukulu, yunifomu agula iwo. Kenako analoza panja ndi chibwano. “Wokhudza motoka yanga, tsiku lomwelo anyamule zake.”

Inali pansi pa mtengo wa mango, yofundidwa tenti ngati mtembo. Anali ataigula kwa mlimi wina wokalamba wa kufamu, nkhuku zikuikira mazira pamipando, n'kuikoka ndi thalakitala mpaka kufika nayo pakhomo. Inandiposa zaka kutali. Zitseko ziwiri, mipando iwiri, mimba yake ikutsala pang'ono kukhudza dothi, boneti yaitali yoti munthu wamkulu n'kugonapo osapinda miyendo. Nyali zake zinkabisala mkati, ukasindikiza kabatani n'kutukuka ngati chule akuphenya. Malume ankati m'masiku ake galimoto ngati imeneyo ankayendera anthu osadziwa mtengo wa sopo. Anthu a m'komboni ankaseka. Galimoto yanji yosanyamula ngakhale thumba la makala? Ena ankati imeneyo ndi galimoto ya munthu wopanda abale, ndiye yapeza mwini wake. Ankanena zimenezi malume ali kutali ndithu.

Inali isanayende chiigulireni, chaka chachitatu tsopano. Malume akaweruka kugalaja sankalowa m'nyumba kaye, ankayamba ndi iyo. Lamulungu ife tikupita ku Misa, iwo ankayala katoni n'kulowa pansi pake chagada, kungotsala mapazi. Anaikweza masipuling'i kuti isamakhule mimba m'maenje a ku Kapata. Mipando anaisoketsa chikopa cha ng'ombe kwa wosoka nsapato wa kumsika, ndipo anamubwezera kawiri chifukwa cha ulusi wokhota. Zitsulo zina zinkabwera pa basi ya ku Lusaka, zokulungidwa m'manyuzipepala, ndipo ankazimasula pathebulo lodyera, ife tikudyera pansi. Mabawuti ankawatsuka ndi petulo m'beseni la amayi n'kuwandandalika pachitenje mwa msinkhu wawo. Tsiku limene injini inatsokomola koyamba, anaika nsonga ya sikuludiraiva pachitsulo, chogwirira chake pakhutu, maso ali chitsinzire, akumvetsera ngati namwino pamimba ya mayi woyembekezera.

Ndanena kale kuti ndimawada malume, kapena sindinanene? Ndimawada. Koma sindinama: chibadwire sindinaone manja ofatsa ngati awo akakhala pagalimoto ija. Ankapukuta galasi ngati akupukuta mwana malovu. Manja omwewo, akalowa m'nyumba, ankadziwa njira ya kuseri kwa chitseko.

Lamba ndinamulawa koyamba chifukwa cha kabawuti kamodzi kamene kanasowa pachitenje. Sindinakakhudze, ndinangodutsa pafupi ndi ndowa. Fanibeluti samenya ngati ndodo. Amakuzinga mwendo wonse, ndipo pomukoka tinthambo tija timatenga khungu. Kabawuti kanapezeka madzulo m'thumba la ovolosi yawo. Anakayang'ana, anakapukuta, anakakabwezera pamzere wake, nkhani n'kuthera pomwepo. M'mawa mwake kusukulu aphunzitsi athu, mayi wamtali wa magalasi, anandiimitsa pakhomo la kalasi. Anayang'ana mizere yotupa ya m'miyendo mwanga nthawi yaitali. Ndinkati afunsa. Anangoti, “Kokera masokosi m'mwamba, mwanawe.” Kwa zaka zambiri ndinkawaona ngati munthu wouma mtima. Lero ndine mphunzitsi inenso, ndipo ndawonapo miyendo yotero, ndiye sindifulumiranso kuwaweruza. Koma ine ndimafunsa.

Kutentha kutayamba, mwezi wa Seputembala uli kumapeto, abale a bambo anatilondola. Anabwera awiri panjinga Lamulungu masana, bambo aakulu ndi mphwawo, fumbi lili mbuu m'nsidze. Amayi anawayalira mphasa pakhonde n'kundikankhira kuchipinda, koma ndinkaona zonse pazenera. Anayamba bwinobwino, za mwambo, za ng'ombe zimene zinapita, za mwana amene anabedwa masana. Malume anali pansi pa galimoto, sanatuluke, mapazi okha akugwedezeka. Ndiye mphwawo uja, pofuna kuchotsa njinga padzuwa, anaikankha n'kukaitsamiritsa pachitseko cha galimoto.

Sindinaone mmene malume anatulukira. Ndinangoona sipanala yomasulira matayala ili m'mwamba. Yoyamba inagwera njinga, gudumu n'kupindika ngati chitsekerero cha chitini. Yachiwiri inapeza mwini njinga pakamwa. Munthu wamkulu anakhala pansi ngati mwana, manja ali kukamwa, magazi akutuluka pakati pa zala. Bambo aakulu anadzuka kuti aleretse, analandira ya pamkono, ndipo phokoso lake ndinalimva ndili m'nyumba, ngati munthu akuthyola chinangwa. Anatuluka pageti akukwakwaza njinga yosayenda. Dzino linatsala pafumbi, nkhuku ya aneba n'kubwera kudzalijompha kuyesa chimanga. Ali kumsewu, bambo aakulu anatembenuka. “Tsiku limene mudzatope naye mwanayo, ife tilipo.”

Ndinasangalala, ndisabise. Mtima wanga unavina. Tsiku limenelo ndinawatengera malume madzi osamba popanda wondituma. Funso loti kodi anthu aja anamenyedwera ine kapena njinga yotsamira pagalimoto linandifikira ndili wamkulu kale, ndipo yankho lake sindilifuna. Chimene ndinaphunzira nthawi imeneyo n'chakuti pakati pa ine ndi makanda a ku Kasenengwa panali munthu mmodzi yekha, yemwe uja wa lamba. Malume nawo anachidziwa. Kuyambira tsikulo ndikagwetsa supuni, ndikachedwa kumpopi, mawu anali amodzi: “Ndikubweza kwa eni ako.”

Mu Okutobala anaipaka penti. Kunali kotentha koti phula la mumsewu linkamata nsapato, nyenje zikulira m'mitengo mpaka mutu kuwawa, mapiri ozungulira tauni osaoneka bwino ndi utsi wa lupsa. Malume anabwereka makina opopera, anazinga galimoto ndi masaka, anathira madzi bwalo lonse kuti fumbi lisadzuke, amayi n'kuwaletsa kusesa sabata yathunthu. Anapopera kanayi, akudikira iume, akupoperanso. Pochotsa masaka aja ngakhale oseka aja anaunjikana pageti kudzaona. Inali yofiira psuu, ikunyezimira, mtengo wa mango wonse ukuoneka paboneti pamodzi ndi mitambo. Anati penti yatsopano imafuna kupuma, isafundidwe tenti mpaka masabata awiri. Chinatsala chinali chimodzi, ekizozi, paipi ija yotulutsa utsi kumbuyo. Ankafuna yasiliva, ya pakamwa pawiri, yoti ikalira anthu amve ali kutali, kukomboni ya Nabvutika. Anamva kuti munthu wina ku Katete ali nayo.

Anapita Loweruka m'mawa. Amayi anapita kutchalitchi kukakolopa, inali sabata ya mphakati wathu. Ine malume anandisiyira kandodo ndi ntchito imodzi: kukhala pakhonde, kuingitsa nkhuku. Kukhudza ayi. Kuingitsa nkhuku basi.

Ndinakhala mpaka dzuwa litafika pamutu. Kenako anzanga anayamba phada pageti penipeni, ndipo ndinati ndiponyeko kamodzi, galimoto ndikuiona. Kamodzi kanabala kawiri. Pamene ndinkacheuka, tambala wa aneba anali chiimire pakati pa boneti ngati walipira lendi. Ndinamuthamangitsa, koma anali atasiya zake. Zitosi zitatu, zoyera ndi zobiriwira, ndipo chitsulo chotentha chija chinali chitaziwotcha kale gwa.

Ndinathamangira ndowa. Ndinathira madzi, sizinasunthe. Ndinayesa ndi chala, kenako ndi sopo, chapamwamba chinachoka koma panatsala zipsera zitatu zotuwa. Ndinayang'ana kumsewu. Ndinayang'ana chitseko cha pabalaza. Ndiye nzeru inandibwerera, nzeru yokhayo imene ndinali nayo. Kumudzi ine ndinali katswiri wa mapoto. Poto wakuda bii ndi mwaye ndinkapita naye kudambo, phulusa pang'ono, mchenga wosalala, chitsononkho cha chimanga, n'kubwera naye akuwala. Amayi ankanyadira pamaso pa anzawo kuti m'mapoto a mwana wawo munthu amadzionera nkhope. Chitsulo ndi chitsulo, ndinatero mumtima. Ndinakatapa phulusa m'mbaula, mchenga pamulu wa omanga nyumba kuseri, chitsononkho ndinachipeza kudzala.

Zipsera zinachoka msangamsanga, ndipo ndinapuma. Nditatsukuluza, pamalopo panawala kuposa pena ponse, poti panali ponyowa. Ndinaona kuti malume adzazindikira kusiyanako. Ndiye ndinakwecha boneti yonse kuti ifanane, kuyambira kugalasi mpaka kunyali, mozungulira, mozungulira, mmene amayi anandiphunzitsira, ndikukanikiza ndi mphamvu zanga zonse za mwana wa kumudzi. Madzi otsika pansi anali ofiirira, koma ndinkayesa fumbi la ku Chipata, poti nalo ndi lofiira. Ndikukumbuka kuti ndinkaimba.

Dzuwa la Okutobala silichedwa. Ndili chiimire ndi ndowa, boneti inayamba kuuma kuchokera m'mphepete, ndipo pouma paliponse pankasanduka potuwa mbuu, mizere yozungulira masauzande, mtengo wa mango osaonekanso. Ndinathira madzi, kufiira kunabwerera. Kunauma, kunathawanso. Ndinathira, ndinathira, ndikuthamanga pakati pa mgolo ndi galimoto, mpaka ndowa inayamba kukhula pansi pa mgolo. Amayi anandipeza ndikupendeketsa mgolo wopanda kanthu.

Sanakuwe. Anaika tsache lawo pansi, anayang'ana boneti, anayang'ana chitsononkho, anayang'ana manja anga. Ndinkadikira pama, ndipo ndikanalilandira mokondwa. M'malo mwake anakapempha madzi kwa aneba, anandikhazika pamwala, n'kundisambitsa manja ngati khanda. Phulusa la m'zikhadabo analitokosa ndi kamtengo ka machesi, chala chimodzichimodzi. Anandivula diresi lonyowa n'kulibisa pansi pa zochapa. Atatero anapita pambaula, anaviika manja awo onse m'phulusa, anapukutira pachitenje chawo, kutsogolo ndi m'mbali. Ine ndinkangoyang'ana, mutu osagwira. “Tenga buku ukhale pamphasa,” anatero. “Usatuluke. Ukatsegula pakamwa, si ine mayi ako.”

Malume anafika dzuwa litapendeka, pa njinga yahayala, ekizozi ataipingasa pamiyendo, akuimba mluzu. Mluzu unaduka pageti. Ndinasuzumira pampata wa katani. Anatsamiritsa paipi ija pamtengo mosamala, anayenda pang'onopang'ono, anaika chikhatho paboneti n'kuchiyendetsa. Anayang'ana chikhathocho.

“Ndani?” Anafunsa motsitsa, ngati akufunsa nthawi.

Amayi anali atagwada kale pafumbi. “Ndine, Achimwene. Nkhuku zinaipitsapo. Ndimati ndiyeretse musanabwere.”

“Mwana ali kuti?”

“Ndinapita naye kutchalitchi. Akuwerenga.”

Chitseko chinatseguka, kho kho. Malume anaima pamwamba panga, fungo la thukuta ndi fumbi la mumsewu. Anandigwira manja onse awiri, anawatembenuza, anayang'ana zikhadabo. Zinali zoyera ngati za mwana wa bwana. Anandisiya, anafikira kumsomali, anatuluka.

Buku limene ndinagwira linali la sayansi, tsamba la ziwalo za duwa. Ndikhoza kulijambula lero osaonera. Kunja lamba ankalira kawiri pa kumenya kulikonse, mumphepo ndi pathupi. Ndinayamba kuwerenga ndi mtima, ndinasokoneza nditadutsa makumi awiri. Amayi sanalire. Ankangoti, “Ndalakwa, Achimwene,” mawu akuchepa nthawi iliyonse. Ndinayang'ananso pakatani. Bulauzi yawo inali itang'ambika kumsana, ali chigwadire, manja aphulusa ataphimba nkhope. Malume anataya lamba, anawakoka ndi duku kuti aimirire, anachotsa manja aja kumaso, n'kutambasula dzanja lawo lamanja lonse, lija lomasula mabawuti ochita dzimbiri. Linagwera pakhutu lakumanzere. Linamveka ngati thumba la pepala likuphulika. Amayi anazungulira, anakagunda mgolo, mgolo n'kugubuduka nawo. Atadzutsa mutu, kamzere kamodzi ka magazi kanali kutuluka m'khutumo, kakutsika m'khosi, kosafulumira.

Aneba anali atadzaza kumpanda, mitu yokhayokha. Mayi wina anati, “Zakwana, bambo,” koma ananenera kumsewu. Onse anali ataona zimene sipanala inachita mwezi wapitawo. Ine ndinali ndi pakamwa, ndinali ndi mawu awiri okha oti ndinene, ndine ndakwecha. Sindinanene. Ndinanyowetsa mphasa ndili chikhalire, buku lili m'manja. Anthu amandiuza kuti unali mwana, amayi ako anakuletsa. N'zoona. Koma ine ndikudziwa kuti si lamulo la amayi limene linanditseka pakamwa, anali mantha, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

Malume anaima akupuma ngati ng'ombe yochoka pagoli. “Ukanakhala wina, lero ukanagona kumudzi,” anatero. “Uthokoze kuti tinayamwa bere limodzi.” Anatola lamba, anamukuntha fumbi, anadzamubwezera pamsomali.

Chimene chinandipweteka koposa chinabwera pambuyo. Amayi anadzuka akugwira khoma, anadzithira madzi kumutu, anasintha bulauzi, anakoleza mbaula. Anaphika. Anagwada ndi beseni kuwasambitsa malume m'manja, manja omwe aja. Ndinawayang'ana ndipo ndinanyansidwa nawo. Ndinawaona ngati munthu wopanda mtima wake, woti ngakhale galu amamuposa, poti galu ukamumenya amakulira mano. Mulungu andikhululukire, ndinali ndi zaka khumi. Sindinkadziwa kuti masamu onse anali atawachita kale pamene ankanditokosa zikhadabo: mlongo wophika ndi kuchapa amamenyedwa n'kutsala, koma mwana wa eni amakwezedwa lole.

Masiku otsatira ankayenda ngati woledzera, akugwira zipupa, ndipo m'mawa ankasanza kuseri kwa bafa. M'khutu anatsekamo thonje. Mayi wa kumpanda uja anawanong'oneza kuti apite kuchipatala. Amayi anakana. Kuchipatala akafuna kalata ya kupolisi, apolisi akadzatenga malume, ndipo malume akangotsekeredwa, mawa lake njinga za ku Kasenengwa zili pageti. Anatero akusankha nyemba, ngati akunena za mtengo wa tomato. Nkhani ya boneti sanaitchulenso kwa ine, ngakhale kamodzi. Ine ndinkawazemba maso. Tinkagona pamphasa imodzi chofulatirana.

Lamulungu lina titatuluka mu Misa, aphunzitsi aja anatipeza pansi pa mtengo. Anapereka moni, amayi osayankha mpaka nditawakoka chitenje. Amayi anatembenuza mutu wonse ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, ndipo ndinachita manyazi kuti amayi anga ndi achimidzi, sadziwa kuyankhula ndi anthu ophunzira. Aphunzitsi anayang'ana thonje lija mmene anayang'anira miyendo yanga. Kenako anakweza mawu pang'ono. “Mwana wanuyu ali ndi mutu. Zivute zitani, musamuchotse pasukulu.” Amayi anawomba m'manja mwaulemu. “Sachoka,” anatero.

Malume anapala boneti yonse ndi sandipepa mpaka pachitsulo, anayambiranso. Masabata atatu sanayankhule ndi munthu m'nyumbamo. Anazinganso masaka, anapoperanso kanayi, ndipo ulendo uno anamanga mpanda wa waya kuzungulira galimoto, tambala uja n'kumugula kwa aneba, tinamudya. Anamangirira ekizozi yasiliva. Mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri masana aliwonse, mango akuyamba kufiira m'masaya.

Inayenda Lamulungu lachiwiri la Novembala. Atailiza, agalu a Kapata yense anayankha, makanda analira, amuna anatuluka m'mashabini mabotolo ali m'manja. Malume anaitulutsa pageti pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, anaima, anatsegula chitseko cha kumanzere ali mkati. Anzawo a kugalaja anali pomwepo, aliyense akuyembekeza kuti ndi iye. Malume anayang'ana amayi, amene anali pakhonde ndi lichero. “Kwera.” Kupepesa kwawo kunali kumeneko, ndipo kwina sikunabwerenso mpaka analowa m'manda. Amayi anapukuta manja, anandiitana ndi maso. Mipando inali iwiri, ndiye ndinakhala pamiyendo pawo.

Tinadutsa kumsika ana akutithamangira, azimayi a tomato ataimirira. Titafika pamsewu wa tala, njira ya kumalire ya ku Mwami, malume anaponda. Msana wa amayi unakanikizika kumpando, ine ndinakanikizika pa iwo. Mitengo inasanduka mpanda umodzi wobiriwira. Mphepo inali ndi fungo la mvula imene inagwa kwina. Malume ankaseka, kuseka kwenikweni, mano onse panja, ngati kamnyamata kamene kapatsidwa njinga, ndipo ndi tsiku lokhalo ndinaona kuti amafanana ndi amayi pakamwa.

Ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ekizozi inkabangula, malume sakanamva kanthu. Ndinazungulira mutu wanga kumbali ya zenera, kutali ndi iwo, kuti asaone ngakhale milomo yanga. Ndinakumbatira khosi la amayi, ndinagunditsa pakamwa pakhutu lawo, mawu amene ndinawasunga masabata atatu n'kuwatulutsa. “Amama, mundikhululukire.” Sanayankhe. Ndinanenanso, momveka. Ndinanena kachitatu, misozi ikulowa m'kamwa. Amayi ankangoyang'ana kutsogolo, dzanja limodzi litagwira duku kuti lisauluke, nkhope ili phee.

Ndinati basi, andimva ndipo akana. Ndinanyamula zimenezo zaka zambiri. Ndinakhala mwana wachete, woyamba m'kalasi chaka ndi chaka, wobwera ndi lipoti n'kuliika pamiyendo pawo ngati mwina ulendo uno anena kanthu. Ankangoti wachita bwino, pita ukadye.

Malume anamwalira ndili kukoleji. Galimoto ija inayenda zaka ziwiri zokha, inasowa chitsulo china chimene ngakhale ku Lusaka kunalibe, ndipo pomaliza nkhuku zinabwereramo. Amayi ndikukhala nawo ku Nabvutika. Ndinali ndi ana awiri kale pamene ndinawaperekeza kukapimitsa maso, namwino n'kuwaunikanso m'makutu, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti lakumanzereli linaphulika kalekale, silimva ngakhale bingu. Pobwerera ndinakhala kumanja kwawo m'minibasi, n'kuwafotokozera za tsiku lija. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. “Iwenso,” anatero. “Ukanangozungulira mbali inayi.”

Koma kamtsikana kaja m'galimoto yofiira sikankadziwa zimenezi. Kanachotsa manja pakhosi la mayi wake, kanatembenukira kuzenera, kakutupa ndi mkwiyo, madontho oyamba a mvula akumenya boneti yatsopano. Mkono wa amayi unali utandizinga m'chiuno ulendo wonsewo, kupita ndi kubwera, wothina mpaka kundipweteka nthiti, osamasuka ngakhale pamene galimoto inaima. Ine ndinkayesa akuopa liwiro.